Thumba la wakufa: mmene afilosofi amasiyanitsira chabwino ndi choipa

Chaka cha 2024 sitidzachiiwala msanga kuno kum'mawa kwa Zambia. Mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula, ndipo pofika pa 29 Febuluwale, tsiku limene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, minda yambiri kwathu cha ku Katete inali itayera kale ngati udzu wa mu Ogasiti. Patapita miyezi, bungwe lina lothandiza linabweretsa chimanga, thumba limodzi pa banja lililonse limene linalembedwa. Wosunga kope la maina m'mudzi mwathu anali alamu anga, amuna a mlongo wanga, mkamwini wofatsa amene anthu anamusankha chifukwa amalemba bwino ndiponso samwa.

M'kopemo munali dzina la mkulu wina amene anamwalira patangotha milungu iwiri kalembera atachitika. Ankakhala yekha, sanasiye munthu m'nyumba. Lamulo la bungwelo linali lomveka: wolembedwa akamwalira osasiya banja, mlembi anene, thumba libwerere likaperekedwe kwa ena amene akudikira m'midzi ina. Koma m'mudzi momwemo munali mayi wina, mwana wa pamudzipo, amene anali atangobwerako ku chitengwa amuna ake atamwalira. Anafika ndi ana anayi, mphasa ndi mapoto awiri. Zina zonse achibale a mwamuna anatsala nazo. Kalembera anamuphonya. Alamu akanangokhala chete, mayiyo n'kudinda chala pa dzina la malemu, palibe akanadziwa kupatula ife eni mudzi.

Loweruka lina ndinapita kumudzi ndipo usiku tinakhala pakhonde kukambirana nkhaniyi. Mlongo wanga sanazungulire. "Mupatseni. Wakufa sadya nsima, ana aja akugona ndi madzi okha." Alamu anapukusa mutu, kope lili pamiyendo. "Ndinasayina kuti ndidzalemba zoona. Ndikanama lero, mawa ndine ndani?" Amalume anali chete nthawi yonseyi akupota fodya, kenako anati: "Inu nonse mukukamba za thumba. Mwana wathu akugona ndi njala ife tili pompano, tikudya. Umunthu watithera ife, nkhani ndi imeneyo."

Ine ndimaphunzitsa ku sekondale ku Chipata, ndipo usiku uja ndinamva m'kamwa mwa anthu atatu amene sanatsegulepo buku la filosofi maganizo atatu amene anzeru a dziko lapansi akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 2,000. Gawo la filosofi limeneli pa Chingerezi amalitcha ethics. Funso lake ndi lija amafunsa mwana akakwapulidwa: ndalakwa chiyani, nanga chimene chachititsa kuti kukhale kulakwa n'chiyani? Silifunsa zimene anthu amachita, limafunsa zimene ayenera kuchita. David Hume, wa ku Scotland, anachenjeza cha m'ma 1740 kuti anthu amalumpha kuchoka pa mawu akuti "zili chonchi" kufika pa akuti "ziyenera kukhala chonchi" osazindikira kuti awoloka mtsinje. Kunena kuti alembi ambiri amasintha maina sikuyankha ngati alamu anga ayenera kusintha.

Lamulo la boma nalo silimaliza nkhani. Pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, makolo athu ankayenda ndi chitupa ndipo m'masitolo ena munthu wakuda ankagulira pazenera. Zonsezo zinali zololedwa, koma palibe anganene kuti zinali zabwino. Mu Disembala 2022 Zambia inathetsa chilango cha imfa. Kodi kunyonga munthu kunali bwino mu Novembala n'kukhala koipa mu Januwale? Lamulo linasintha chifukwa anthu anayamba kuliyeza ndi muyezo wina umene uli pamwamba pake. Muyezo umenewo ndiwo afilosofi amaufunafuna.

Mlongo wanga anayang'ana mimba za ana. Kwa iye chochita chimayezedwa ndi zipatso zake: ngati chachepetsa kuvutika n'kuwonjezera mtendere, ndi chabwino. Amene anamanga ganizoli kukhala chiphunzitso chokwanira ndi Jeremy Bentham, wobadwira ku London mu 1748. M'buku lake la mu 1789 anati munthu ali ndi mabwana awiri, ululu ndi chisangalalo, ndipo chochita choyenera ndi chimene chimabweretsa chisangalalo chochuluka kwa anthu ochuluka. Anafuna kuti zimenezi ziziwerengedwa ngati mmene timayezera chimanga pa sikelo: ululuwo ndi waukulu bwanji, ukhala nthawi yaitali bwanji, n'zotsimikizika bwanji kuti ubwera, ugwira anthu angati. Chiphunzitsochi chimatchedwa utilitarianism. John Stuart Mill, amene anakulira m'manja mwa ganizoli chifukwa bambo ake anali bwenzi la Bentham, anachikonza mu 1863 ponena kuti zisangalalo sizilingana. Kukhuta kwa nkhumba ndi kukhutira kwa munthu woganiza si chinthu chimodzi, ndipo n'kwabwino kukhala munthu wosakhutira kusiyana ndi nkhumba yokhuta.

Anthu ena amachinyoza chiphunzitsochi kuti n'chouma mtima ngati masamu. Ine ndimachilemekeza pa chifukwa chimodzi chachikulu: pa sikelo ya Bentham aliyense amawerengedwa kamodzi, palibe wowerengedwa kawiri. Njala ya nduna ndi njala ya waganyu zimalemera chimodzimodzi. Chitsime cha mpope chikamabwera m'mudzi, Bentham safunsa kuti nyumba ya nyakwawa ili pati. Amafunsa kuti ndi pati pamene amayi ambiri adzayende mtunda waufupi. Namwino akasiya munthu amene anafika m'mamawa ndi chimfine n'kuthamangira mwana amene wangofika akukomoka ndi malungo, akuchita za Bentham, ndipo tonse timavomereza. Bentham anafika mpaka pa ziweto, ponena kuti funso si lakuti kodi zimaganiza kapena zimayankhula, koma kodi zimamva ululu. Aliyense amene anaonapo ng'ombe ya zilonda pakhosi ikukwapulidwa kuti ikoke ngolo ya njerwa pachitunda amadziwa yankho.

Koma sikelo yomweyi imamutembenukira mlongo wanga. Iye anawerenga ana anayi amene amawaona tsiku lililonse. Bentham akanamufunsa kuti: nanga ana a m'mudzi wina uja, amene thumbali likanawapeza likabwerera, ndi angati, ndipo njala yawo ndi yotani? Kusawadziwa maina sikuwapeputsa pa sikelo. Akanafunsanso za mawa. Bungwe likadzatulukira kuti akufa akudinda zala, kodi silidzachotsa mudzi wonse pa mndandanda? Otsatira ena a chiphunzitsochi anafika ponena kuti tisamayeze chochita chimodzichimodzi, tiziyeza lamulo: ndi lamulo liti limene alembi onse atalitsatira lingapulumutse anthu ambiri? Pamenepa ganizo limene linayamba ndi "mupatseni" lingathe kuthera pa "nenani zoona". Vuto lake loyamba ndi limenelo, limafuna kuti udziwe za mawa, chikhalirecho mawa salidziwa munthu.

Vuto lachiwiri ndi loti silikhuta. Peter Singer, wa ku Australia, analemba mu 1972 poona njala ndi nkhondo za ku East Bengal, dziko limene lero ndi Bangladesh. Anati ukadutsa pa dziwe n'kuona mwana akumira, umalowa m'madzi ngakhale zovala zide ndi matope. Nanga kusiyana kuli pati ndi mwana amene akufa ndi njala kutali, ngati ndalama ya nsapato zako zatsopano ingamupulumutse? Amene amalandira malipiro pakutha pa mwezi, foni n'kuyamba kulira kuchokera kumudzi, funsoli amalidziwa bwino kuposa Singer. Uime pati? Chiphunzitsochi sichikupatsa polekezera kufikira iwe mwini utasauka ngati amene ukuwathandiza.

Vuto lachitatu ndilo limandiopsa. Mu 1967 Philippa Foot, mayi wafilosofi wa ku Oxford, anapereka zitsanzo ziwiri. Sitima yaduka mabuleki, kutsogolo kuli anthu asanu pa njanji, ndipo woyendetsa angathe kuikhotetsera pa njanji ina pamene pali munthu mmodzi. Ambiri amati akhotetse. Chitsanzo chinacho ndi cha woweruza. Gulu laukali likufuna kuti wopalamula apezeke, apo ayi lipha anthu angapo. Wopalamula sakudziwika. Woweruza angathe kusankha munthu wosalakwa, kumunamizira, n'kumupha kuti gulu likhale pansi. Masamu ndi omwewo, mmodzi m'malo mwa ambiri, koma mtima umakana. Owerenga Baibulo akumbukira Kayafa pa Yohane 11, amene anati n'kwabwino munthu mmodzi afere anthu onse kusiyana n'kuti mtundu wonse uwonongeke. Ndipo ife kuno sitifunikira kupita ku Oxford. Ana akamwalira motsatizana m'mudzi, maso amatembenukira kwa nkhalamba yopanda womuimira, ndipo anthu amati ichoke kuti mudzi upume. Mudzi umapumadi. Anthu ambiri amagona tulo, mmodzi yekha ndiye amalira kuthengo. Ngati chiphunzitso chili ndi khomo limene nkhanza zotere zingalowere, ndiye kuti pali chinthu chimene sichikuchiona.

Chimene sichikuchionacho ndi chimene alamu anga anagwira pamene anati ndinasayina. Pali zinthu zimene munthu sayenera kuchita ngakhale phindu litaoneka. Mwini ganizoli ndi Immanuel Kant, amene anabadwira ku Königsberg mu 1724 n'kufera komweko mu 1804. M'kabuku kake ka mu 1785 anasiyanitsa malamulo a mitundu iwiri. Ena ali ndi "ngati": ngati ukufuna kukolola, palira. Wosafuna kukolola lamulolo silimukhudza. Koma lamulo la khalidwe lilibe "ngati". Silinena kuti usaname ngati ukuopa kugwidwa, limangoti usaname. Kant anati wamalonda amene sabera makasitomala pofuna kuti abwerenso sanachite zoipa, koma ulemu weniweni ndi wa uja amene sabera ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga chenji, chifukwa choti ndi udindo wake.

Nanga udindowo timaudziwa bwanji? Kant anapereka mayeso. Tenga mfundo imene ukufuna kuchitira chinthu, uyerekeze kuti yakhala lamulo la munthu aliyense, uone ngati ingaime. Chitsanzo chake chomwe chimamveka ngati chinachitikira mumsika wa Kapata. Munthu wapanikizika, akufuna kukongola ndalama, akudziwa kuti sadzabweza, koma akulonjeza kuti abweza. Tsono aliyense atamachita zimenezi, mawu akuti "ndidzabweza" sadzakhalanso ndi tanthauzo, palibe adzakongoze mnzake, ndipo bodzalo silidzagwiranso ntchito. Wabodza amadalira kuti ena onse azinena zoona, iye yekha akhale wopatulidwa. Amayi a chilimba amadziwa zimenezi. Amene walandira mwezi woyamba n'kuleka kusonkha wadya chinthu chimene chinalipo chifukwa choti anzake sachita zimene iye wachita. Alamu anga, osadziwa, anayesa mayeso omwewa. Alembi onse atamalemba akufa ngati amoyo pamene mtima wawauza, kope silikhalanso kope.

Mayeso ake achiwiri ndi amene ndimawakonda koposa. Munthu, kaya ndi iwe mwini kaya mnzako, usamuyese chida chabe. Kant anati zinthu zili ndi mtengo, zimasinthanitsidwa, koma munthu ali ndi ulemerero umene ulibe mtengo. Mawu akuti "chabe" ndi ofunika. Kulemba waganyu kuti akupalirire si kulakwa, mwagwirizana ndipo aliyense wapezapo chake. Koma chaka cha njala, ukaona kuti munthuyo alibe kothawira n'kumupalitsa munda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka pomupatsa kambale ka gaga, wamusandutsa khasu. Nkhalamba yothamangitsidwa ija nayonso yasandutsidwa mankhwala ogonetsa mudzi. Kant amatseka khomo limene Bentham analisiya lotsegula. Mawu akuti ulemerero wa munthu, amene ali pa Gawo 8 la malamulo aakulu a dziko lino monga anakonzedwera mu 2016, ali pachibale ndi ganizo limeneli.

Komabe Kant anauma khosi mpaka pena pamene ine sindingamutsatire. Mu 1797 analemba kuti ngakhale wakupha atafika pakhomo pako kufunsa ngati mnzako wabisala m'nyumba, suyenera kunama. Taganizani mayi wathawira m'khitchini mwanu usiku, mwamuna wake akubwera ataledzera, chikwanje chili m'manja, akufunsa kuti ali muno? Ndani mwa ife anganene kuti inde? Pa Eksodo 1 azamba awiri, Sifra ndi Puwa, anamunamiza Farao kuti apulumutse makanda, ndipo Malemba amati Mulungu anawachitira zabwino. W. D. Ross, wa ku Scotland, anayesa kukonza vutoli mu 1930. Anati maudindo ndi ambiri: kusunga lonjezo, kusapweteka ena, kuthandiza, kubweza zabwino, kuchita chilungamo, kukonza zimene walakwa. Uliwonse uli ndi kulemera kwake, ndipo akagundana palibe masamu okuuza wopambana, uyenera kuyang'anitsitsa nkhani imene ili patsogolo pako. Ena amati Ross anathawa funso. Ine ndimaona kuti ananena zoona za mmene moyo ulili. Pakhonde paja alamu anali ndi lonjezo kudzanja limodzi ndi ana anjala kudzanja linalo, ndipo zonse ziwiri zinali zenizeni.

Amalume ndiwo anasintha funso lenilenilo. Sanafunse kuti tichite chiyani ndi thumba, anafunsa kuti ife takhala anthu otani. Njira imeneyi ndi yakale kuposa zinzake. Aristotle, Mgiriki amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Yesu asanabadwe, anaphunzitsa kuti cholinga cha munthu ndi moyo wokhwima bwino, ndipo umafikiridwa ndi makhalidwe monga kulimba mtima, kudziletsa, kupatsa ndi chilungamo. Makhalidwewa sitibadwa nawo, timawaphunzira pochita, monga mmisiri amaphunzira kumanga pomanga. M'mera mpoyamba, amatero akuluakulu, ndipo ntchito ya anamkungwi ndi aphungu yagona pomwepo. Anatinso khalidwe labwino limakhala pakati pa kuperewera ndi kupyola. Kupatsa kuli pakati pa kuumira ndi kumwaza, kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya dala pamoto. Pakati pakepo sipayezedwa ndi chingwe, pamafuna nzeru ya munthu amene waona zambiri. Ganizoli linagona zaka zambiri m'masukulu a Azungu mpaka Elizabeth Anscombe analidzutsa mu 1958.

Kwathu silinagonepo. Timati uyu ndi munthu, ndipo sitikutanthauza kuti ali ndi miyendo iwiri. Wina timati si munthu uja, ndi chinyama, ngakhale wavala suti. M'chinenero chathu umunthu ndi chinthu chimene ungakhale nacho chambiri, chochepa, kapena kuchitaya. Kusiyana kwake ndi Aristotle n'kwakuti iye anayambira pa kukhwima kwa munthu payekha, pamene ife timayambira pa chingwe chimene chimamanga munthu kwa anzake. Kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. John Mbiti wa ku Kenya anaziika m'mawu otchuka mu 1969, kuti ndilipo chifukwa tilipo. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria anapitirira mu 1984 n'kunena kuti umunthu umachita kupezedwa pang'onopang'ono pokhala ndi anthu, ndipo wina angathe kulephera kuupeza. Kwame Gyekye wa ku Ghana anamutsutsa. Anati gulu ndi lofunika, koma munthu ali ndi ulemerero wake chibadwire, umene gulu silinamupatse ndipo silingamulande. Mkangano wa awiriwa si wa m'mabuku chabe. Ukukhudza khanda, wodwala misala, ndi nkhalamba ija. Ngati umunthu umaperekedwa ndi mudzi, mudzi ungathenso kuuchotsa. Pamenepa ine ndili kumbali ya Gyekye.

Mphamvu ya umunthu ndi yoti umaona zimene Bentham ndi Kant sanazione. Onse awiri amayankhula ngati munthu waima yekha pamphambano akusankha njira. Amalume anaona kuti vuto silinali la alamu okha. Linali la mudzi wonse umene unakankhira mkamwini mmodzi katundu wa anthu onse, kuti iye aname ife tikhale oyera. Umunthu umadziwanso kuti mlandu sutha ndi chigamulo. Pabwalo la nyakwawa cholinga si kupeza wolakwa kokha, koma kuti anthu awiriwa adzathe kukumananso pamaliro ndi pachitsime. N'chifukwa chake timalipitsa nkhuku kapena mbuzi n'kudyera pamodzi.

Koma tisadzinamize. Umunthu uli ndi bala lake, ndipo kuno kum'mawa balalo lili ndi dzina: wako ni wako. Chingwe chimene chimatimanga kwa abale chimasiya ena kunja. Mlembi amene amaika mphwake pa mndandanda wa feteleza n'kuchotsa mlendo amadzitcha wa umunthu, ndipo kumudzi amamutamanda kuti saiwala kwawo. Mawu okoma angathenso kukhala nsalu yophimbira. Kenneth Kaunda anakhazikitsa Humanism mu 1967 monga nzeru yotsogolera dziko, kuika munthu pakati pa zonse, ndipo zabwino zambiri zinachitika m'dzina lake, masukulu ndi zipatala. M'nthawi yomweyo otsutsa ankatsekeredwa osazengedwa mlandu, monga Simon Kapwepwe mu 1972. Afilosofi a ku Ulaya nawonso sanapulumuke matendawa. Aristotle ankaikira kumbuyo ukapolo, Kant analemba zonyoza anthu akuda, Mill anagwira ntchito zaka 35 ku East India Company imene inkalamulira India. Aliyense anajambula bwalo la anthu owerengedwa n'kusiya ena kunja kwake. Chimene chimanditonthoza n'chakuti mfundo zawo zomwezo ndi zimene zinadzagwiritsidwa ntchito powatsutsa.

Ophunzira anga akafika apa, mmodzi amaimika dzanja n'kunena kuti, aphunzitsi, ndiye kuti aliyense ali ndi choona chake, mtundu uliwonse ndi mwambo wake. Ganizoli limakopa, makamaka kwa ife amene miyambo yathu inanyozedwa ndi atsamunda. Ndipo lili ndi mbali yoona. Kuno Angoni a Mpezeni amalowola ndipo ana amatsata kwa bambo, Achewa a Gawa Undi mwamuna amakalowa chikamwini ndipo ana ndi a kwa mayi. Palibe wolakwa pamenepo, ndipo mukakumba pansi mupeza kuti onse akuyankha funso limodzi, lakuti mwana akhale ndi omuyang'anira. Koma ganizoli likakokedwa mpaka kumapeto limatimanga manja. Ngati chabwino ndi chimene mwambo wanena basi, ndiye kuti achibale amene analanda katundu wa mayi uja sanalakwe, ndipo lamulo la mu 1989 limene limapereka magawo 50 pa 100 a chuma cha womwalira osasiya wilo kwa ana, ndi 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, linalowerera pachabe. Ndiye kutinso mafumu athu amene akhala akuletsa poyera maukwati a ana, Kalonga Gawa Undi mmodzi wa iwo, akulimbana ndi mwambo popanda poimira, ndipo lamulo la mu 2023 loletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa chikhalidwe, ndi nkhanza. Sindikhulupirira zimenezo. Mwambo umadzikonza wokha pamene eni ake afunsa ngati ukutetezadi anthu amene unapangidwira.

Wina amati yankho ndi losavuta, chabwino ndi chimene Mulungu walamula. M'dziko limene Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi la Chikhristu mu 1991, ambiri timayambira pamenepo, ine ndemwe. Koma Plato, Mgiriki amene anaphunzitsa Aristotle, anasiya funso limene wokhulupirira aliyense ayenera kulimbana nalo: chinthu n'chabwino chifukwa Mulungu wachilamula, kapena Mulungu amachilamula chifukwa n'chabwino? Abrahamu pa Genesis 18 anafunsa ngati Woweruza wa dziko lonse sadzachita chilungamo, ndipo funso lotero limatheka kwa munthu amene akudziwa kale kuti chilungamo n'chiyani. Pakhonde paja tonse tinali opemphera. "Usachite umboni wonama" ndi "ndinali ndi njala ndipo munandipatsa chakudya" zonse zili m'Buku limodzi, ndipo tinafunikabe kuganiza.

Chida chimodzi chimene ndinawapatsa alamu usiku uja chinachokera kwa John Rawls wa ku America, amene mu 1971 anati malamulo achilungamo ndi amene mungagwirizane mutaphimbidwa m'maso, osadziwa ngati mudzakhala wolemera kapena wosauka, mwini mudzi kapena wobwera. Ana amadziwa kale zimenezi akamagawana nzimbe: wodula asankhe pomaliza. Ndinawafunsa kuti, alamu, mukanakhala kuti simukudziwa ngati ndinu mayi uja, kapena bambo wa m'mudzi wina amene akudikira thumba lobwerera, mukanafuna mlembi azichita bwanji? Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatseka kope n'kunena kuti mawa apita kwa anyakwawa.

Imfa ija anainena, thumba linabwerera. Koma anapempha kuti tsiku logawa, anthu asabalalike asanamve mawu awo. Pansi pa mkuyu pamene timasonkhana, anafotokoza zonse poyera, ndi mmene anayesedwera kuti aname. Amalume anaimirira pambuyo pawo n'kunena mwachidule kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mlongo wanga anayala chitenje pansi, n'kuyamba iye kukhuthula meda imodzi kuchokera m'thumba lawo. Mabanja 23 analandira tsiku lija, 19 anathirapo. Mwa anayi amene anakana, mmodzi ananena mokweza kuti mkamwini wabweza chakudya cha mudzi kwa alendo pofuna kuoneka woyera, ndipo mpaka lero sapatsana moni bwinobwino ndi alamu. Mayi uja anasenza chimanga choposa thumba, ana ake akuthandiza ndi mabeseni.

Ndili m'basi kubwerera ku Chipata ndi pamene ndinakumbukira bambo wina amene amakhala m'kanyumba ka udzu kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi dambo. Anachokera kutsidya kwa Chanida, ku Mozambique, zaka zapitazo kudzagwira ganyu m'minda ya thonje, ndipo anangokhalirira, akuotcha makala. Analibe NRC, chiphaso cha boma chodziwitsa munthu, choncho kalembera sanamulembe. Analibe mbumba pamudzipo, choncho palibe anamutcha mwana wathu. Pansi pa mkuyu dzina lake silinatchulidwe, ndipo ine amene ndinakhala pomwepo kuyambira m'mawa, ndi Bentham ndi Rawls m'mutu, sindinalitchule. Nditapitanso kumudzi patatha mwezi ndinatenga unga ndi kabotolo ka saladi kupita nazo kudambo kuja. Ndinapeza chitseko chomangidwa ndi luzi, phulusa la pamoto litazizira kalekale. Mnyamata wina woweta mbuzi anandiuza kuti anamuona akulowera kumsewu wa ku Chanida atanyamula khasu ndi kathumba.